Angelina Anamugwirira Triza Ntchito

Mukafika ku Mfuleni n'kufunsa za Angelina wa ku Ntcheu, akuuzani kuti ndi mayi wapakamwa, ndipo sakunama. Mayi ameneyu akayamba kulankhula, ngakhale kondakitala wa tekisi amatonthola. Anabwera ku Cape Town mwana wake Praise atangoyamba sukulu, n'kumusiya kumudzi kwa agogo ake. Atazunzika ndi maganyu, anapeza ntchito ya m'nyumba kwa madamu ena ku Bellville, madamu osakalipa, Loweruka ndi Lamlungu kupuma.

Kuno tili ndi kachitidwe kathu. Ukafuna kupita kumudzi susiya malo ako ali pululu, ungapeze alembapo wina. Umapeza mnzako akugwirire, ukabwera akubwezere. Ndiye mayi ake atamwalira, Angelina anatenga Triza, mnzake wa ponda apa m'pondepo amene ankaimba naye kwaya, anakamuonetsa kwa madamu, n'kumupatsa makiyi.

Atabwerako ku maliro anapeza Triza akuzemba maso.

"Asisi, madamu akuti andizolowera. Nanga ine nditani?"

Basi, ntchito inapita choncho. Angelina anakayamba ganyu ku minda ya ku Philippi, kuzula sipinachi m'mvula ya mu Julayi zala zitachita dzanzi. Zinamupweteka kwambiri, ndipo kutchalitchi anasiya. Nanga akakhale pansi kumamvera womudyera masuku pamutu akuimba aleluya kutsogolo? Amayi a Mvano akabwera kudzamuchezera ankawabweza pakhomo.

"Mulungu wanuyo anatsala pa boda ya Beitbridge, alibe pasipoti. Akanakhala kuno bwenzi ataona."

Ankanena moseka, koma mumtima ankazikhulupirira ndithu. Ngakhale chakudya ankangodya osapemphera.

Chaka chinatha. Tsiku lina Binti, amake Rafiq, mayi wachisilamu wa ku Machinga woyandikana naye chipinda, anamupeza akuchapa.

"Amake Praise, mnzanu uja wagona, akuti chifuwa chachikulu. Dzulo ndinakamuphikira phala. Kodi Akhristu simuyenderana?"

"Amuyendere amene amaimba naye," anatero Angelina, osadzutsa n'komwe mutu.

Madzulo omwewo foni inalira. Anali madamu aja. Anati sangadikire munthu wodwala, Angelina abwerere Lolemba. Iii, mayi anavina! Anavina mpaka malata a chipinda anagwedezeka.

"Mulungu wayankha!" anakuwa, kuiwala kuti Mulunguyo anamusiya pa boda.

Anagwada pansi kuti athokoze, koyamba m'chaka chonse. Pemphero la Ambuye linayenda bwinobwino mpaka pa mawu opempha kukhululukidwa monga ifenso tikhululukira anzathu. Apo lilime linalemera. Ndipo m'mutu mwake munabwera mawu amodzi, omveka ngati munthu akulankhula pambali: kamugwirire.

"Ambuye, mwayamba nthabwala," anatero. "Woberedwa ndine. Ntchitoyi ndi yanga. Praise akufuna nsapato, mukudziwa inu."

Anadzuka osamaliza pemphero. Koma mawu aja sanamusiye. Anadya nawo, anakwera nawo tekisi, anazula nawo sipinachi. Loweruka anatopa nawo, anamanga chitenje n'kupita kwa Triza, akunyinyirika njira yonse.

Anamupeza atatheratu, mafupa okhaokha m'bulangete. Triza atamuona anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulira.

"Ndamva, asisi. Tengani, inali yanu kale. Koma ana anga kumudzi adya chiyani, sindikudziwa."

 Mayi wapakamwa uja anali atasunga mawu a chaka chonse oti adzamulalatire munthu ameneyu, koma onse anathawa. Amene anatsala anatuluka movutika, ngati dzino lozula.

"Ndikugwirirani. Mukachira mudzatenga."

Lolemba anauza madamu zomwezo, kuti iye wabwera kudzangogwirira mnzake. Madamu anamuyang'ana modabwa, koma anavomera.

Musaganize kuti zinaphweka. Miyezi inapita, Angelina anazoloweranso nyumba yofunda, makina ochapira, tiyi wa mkaka m'mawa. Zala zinapola. Loweruka ankapita kwa Triza ndi zipatso, kumukumbutsa mankhwala, n'kumamuona akunenepa. Mnzake akamachira, iye mtima unkagawanika: mbali ina kukondwa, mbali ina kuwerengera matope a ku Philippi. Ndipo mayesero enieni anabwera kumapeto. Madamu anamukhazika pansi n'kumupempha kuti akhale, Triza amupezera kwina. Ndani akanamudzudzula? Triza mwiniwake sakanatsegula pakamwa, ndipo mpingo wonse ukanati chilungamo chachitika.

Angelina analowa m'bafa la madamu, anatseka chitseko, analira mpaka maso kutupa. Anauza Mulungu mosabisa kuti sakufuna. Kenako anasamba kumaso, anatuluka, n'kunena kuti ayi, analonjeza.

Tsiku loti Triza abwerere pa ntchito, Angelina anamuperekeza mpaka pa geti. Anamupatsa makiyi. Triza anafuna kugwada pamsewu pomwepo, iye anamukoka.

"Dzukani inu, anthu akutiona. Lowani, mbale zikudikira."

Anthu ena ku Mfuleni mpaka lero amati Angelina anapusa, ndipo iye sawatsutsa. Akadali ku Philippi, msana umamupweteka, nsapato za Praise zinachedwa mpaka Khirisimasi. Binti ndi amene anamufunsa tsiku lina ngati sadandaula.

"Kudandaula ndimadandaula, makamaka kukamagwa mvula," anayankha. "Koma amake Rafiq, chaka chija ndinali wakufa ndikuyenda. Ndinkadzuka ndi Triza pamtima, kugona ndi Triza pamtima. Ine sindinamvere Mulungu chifukwa choti ndinali ndi chikhulupiriro, ayi, ndinalibe ngakhale pang'ono. Ndinangopita ndikunyinyirika, ndipo Iye sanandinyoze. Pobwerera pa geti paja ndinazindikira kuti ndikulankhula naye, ndipo ndinalibe choti ndimupemphe. Ndinangoti zikomo, zikomo, mpaka kukafika pa renki ya matekisi."