Zigoba za m'chitsime cha ku Nkhudzi

A Gilford Dinala ankakumba zitsime kuyambira ku Nkhudzi mpaka kumapiri a ku Namwera. Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, wosayankhulayankhula, koma ukawafunsa za mwala unkachita kuwaletsa wekha. Sukulu analekezera sitandade folo. Nzeru za miyala anazitola pa unyamata wawo, pamene anayenda zaka zinayi akusenza matumba a azungu ofufuza miyala. Mwala ankati akaugogoda ndi nyundo n'kuunyambita, ankakuuza mtundu wake. Ankati ilipo miyala ya moto, imene inali phala lotentha pansi pa dziko n'kuzizira, ilipo ya matope, imene madzi anaiyala pang'onopang'ono, ndiye palinso yosandulika, imene inapsa ndi kupanikizika mpaka kusintha maonekedwe. Kuseri kwa nyumba yawo anaunjika miyala m'milu itatu, ndipo akazi awo, a Esime, sankaloledwa kutolapo ngakhale mafuwa.

Kutchalitchi sankajomba. Ankaimba besi m'kwaya.

M'chaka cha 1976 mpingo wawo unawapempha kukumba chitsime pafupi ndi tchalitchi, kamtunda ndithu kuchokera kunyanja. Atatsika mapazi makumi awiri, piki yawo inaswa mwala wofewa, wotuwa, wodzaza ndi zigoba za nkhono. Mlaliki wa pampingopo, a Rodgers Simioni, anatapa zigobazo chipewa chodzaza. Lamulungu anazikhuthula patebulo pamaso pa mpingo wonse.

"Umboni ndi uwu!" anafuula. "Nkhono zikufuna chiyani pansi pa mtunda? Chigumula cha Nowa chinadutsa pano! Mapiri onse mukuwaonawa ndi matope a chigumula amene anauma!"

A Gilford anapirira mpaka mapemphero atatha. Anthu ali panja kupatsana moni, iwo anawayandikira a mlaliki, chipewa chili m'manja.

"Bambo mlaliki, Baibulo sindikulitsutsa. Koma zigobazi n'za nkhono za m'nyanja yathu yomweyi. Kalekale nyanja inkafika pano, n'kubwerera, n'kudzafikanso. M'chitsimemo ndadutsa mizere isanu ndi iwiri ya matope, ndipo pakati pake pali mizu ya bango. Bango silimera m'masiku makumi anayi. Nanga phiri ilo? Si matope ayi, ndi giranaiti, mwala wa moto. Mukapezamo chigoba ngakhale chimodzi, nyundo yangayi ndikaiponya m'nyanja."

Anthu ena anaseka. Nkhope ya a mlaliki inagwa.

"Mapiri anawakhazika ndi Mulungu," anatero. "Ndi amuyaya."

"Pansi pano palibe chamuyaya, bambo. Ngakhale thanthwe limafumbutuka n'kusanduka mchenga."

Masiku amenewo, mawu akuti wamuyaya anali ndi mwini wake m'boma, mtsogoleri wa dziko, ndipo aliyense ankadziwa. A Esime anawakoka malaya amuna awo, koma mawu anali atatuluka kale. Pakati pa omvera panali a Thomson, tcheyamani wa chipani m'deralo, amenenso anali alamu awo a mlaliki.

Lachiwiri m'mawa a Gilford ali pansi pa chitsime anaona chingwe chawo chikukwera chokha. Atayang'ana kumwamba anaona mitu isanu ndi umodzi ndi malaya ofiira. Anali anyamata a chipani. Mwala woyamba unawagwera paphewa, wachiwiri unawang'amba khutu. Analibe kothawira. Anangophimba mutu ndi ndowa, miyala n'kumalira pandowapo ngati matalala padenga la malata. Atatopa kugenda, anyamatawo anaponya chingwe n'kuwakokera kunja, magazi ali chuchuchu.

Anawaguza pansi mpaka kunyumba kwawo, akuwaponda m'nthiti. Mudzi wonse unaitanidwa kuti udzaonerere. A Thomson anali ataima kale pamilu ya miyala ija. Anatola mwala umodzi.

"Paja ndinu ophunzira. Uwu ndi mwala wanji?"

"Wa matope," a Gilford anayankha, milomo itatupa.

A Thomson anawamenya nawo pamphumi, mwalawo n'kuphwanyika.

"Wofewa uwu. Nanga uwu?"

Unali giranaiti wa kuphiri, waukulu ngati papaya. Anyamata awiri anagwira dzanja lamanja la a Gilford n'kuligoneka pamwala wafulati.

"Tione ngati ufumbutuke," anatero a Thomson.

Anamenya katatu. Ulendo woyamba a Gilford anakuwa mpaka akazi amene anali kumadzi anamva. Wachitatu sanakuwenso.

Ndi pamene a Esime anatulukira kuseri kwa nkhokwe atanyamula musi. Mmodzi mwa anyamata amene anagwira mkono aja anamukhoma nawo pakamwa, mano awiri n'kugwera mumchenga. Anathyolanso chala cha mnyamata winayo. Kenaka anyamatawo anawagwetsa a Esime ndi kuwaponda pamimba ndi nsapato mpaka anakomoka. Palibe amene anatuluka pagulu la anthu kukaleretsa. A mlaliki anaima patali pansi pa mtengo wa mango. Amene anali nawo pafupi amati anamva akunena kuti, "Basi, zakwana," koma ananena motsitsa kwambiri.

Masana landirova ya apolisi inabwera kudzawatenga a Gilford. Anakhala m'ndende zaka zitatu ndi theka, osaonekera kukhoti. Dzanja linapola lokha, lopindika, zala zitatu zili gwaa, zosagwira kanthu. A Esime anali ndi pathupi pa miyezi inayi tsiku lija, ndipo panachoka. Ana awiri amene analipo anawalera ndi usipa woyanika, umene ankakagulitsa kumsika wa ku Mangochi.

A Gilford atatuluka mu 1980 sanathenso kugwira piki. Ankangoyenda ndi okumba anzawo, n'kumawauza pokumba ndi pamene khoma la chitsime lingagumuke. Anthu ankawaitanabe mpaka ku Namwera, chifukwa pamene iwo aloza sipankasowa madzi. Za mitundu ya miyala sanakambenso ndi wina aliyense, ngakhale ana awo.

Tsiku lina a Rodgers Simioni anafika pakhomo atanyamula tambala. Anali atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Anakhala pansi osapatsidwa mpando.

"Achimwene, ine ndinangodandaula kwa alamu anga kuti mwandichititsa manyazi pagulu. Sindinadziwe kuti zifika pamenepo."

"Munadziwa," anatero a Gilford. "Tengani nkhuku yanu."

A Gilford anamwalira ndi chifuwa mu 1988, mvula itangoyamba. A Rodgers anatumiza uthenga wopempha kuti alalikire pamaliropo. A Esime anakana, ndipo achibale atawakakamiza ananena kuti munthuyo akangoima kuti ayankhule, iwo anyamuka n'kusiya maliro pomwepo. Mwambo unayendetsedwa ndi mkulu wa mpingo wina, wochokera mudzi woyandikana nawo.