Juzi ya Bambo a Linda

Ku Zingwangwa mukanafunsa kuti a Jesinta amakhala pati, palibe akanakulozerani. Koma mukanati mai a Linda oluka majuzi, aliyense akanakufikitsani pakhomo, kumtunda kwa msika, panyumba za mdadada zoyang'ana phiri la Soche. Ine ndinkachita lendi chipinda choyandikana ndi chawo. Khoma lathu linali limodzi ndipo silinkafika kudenga, choncho za m'nyumba mwawo ndinkazimva, kufuna kapena kusafuna.

Kwawo kunali ku Nsanje. Kuluka anaphunzira kwa masisitere akadali mtsikana, ndipo ine ndinkawaseka kuti masisitere amenewo analibe chochita, kukaphunzitsa majuzi kudera kumene nkhuku zomwe zimayenda kukamwa kuli yasa. Iwo ankangoyankha kuti masisiterewo ankadziwa kuti adzakakhala kumapiri. Anabwera ku Blantyre ndi amuna awo, a Venansio, amene ankagwira ntchito ya ulonda panyumba ina yosungiramo katundu ku Chirimba. Mwana anali mmodzi yekha, Linda, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi anali atakwatiwa ku Machinjiri.

Singano zawo zinali masipoko a njinga, onoledwa pamwala mpaka kusalala. Ulusi wa m'sitolo anausiya matipate atangobwera, pamene zinthu zinakwera ndipo kaunjika anadzaza msika. Anzawo oluka anagwa mphwayi, ati ndani angagule juzi yoluka pamanja pamene ya kwa azungu ili pamulu. Mai a Linda sanadandaule. Ankapita pamulu pomwepo kukasankha majuzi obooka amene aliyense wawakana, n'kuwamasula, kuviika ulusiwo m'madzi ofunda kuti uwongoke, kuyanika, kenako kuukulunga timipira. Ana a sukulu a mdadada wathu ndi wapafupi ankavala majuzi amene kale anavalapo anthu osadziwika a kutsidya kwa nyanja.

Tepi analibe, ndipo sankaifuna. Munthu akabwera kudzalukitsa ankangomuuza kuti atembenuke, n'kuyendetsa dzanja pamsana pake, chala chachikulu ndi chapakati, kuchokera paphewa kufika paphewa linzake, kenako kuchokera pakhosi kutsika m'chiuno. Basi. Ndipo anali ndi lamulo limene sankalisintha: juzi yosamukwana mwini wake sinkatuluka pakhomo pawo. Munthu ankatha kuchonderera kuti palibe kanthu, aitenga choncho, iwo ayi ndithu. Ankamasula n'kuyambiranso. Ine ndinkati ndi matama, ndipo mpaka lero ndimati analipo matama pang'ono.

Ntchito yawo inkayenda ndi nyengo. Ankayamba mvula ikamatha, n'kuluka osapuma mpaka Ogasiti. Kukangoyamba kutentha ankaika masipoko aja m'chitini, n'kuyamba kugulitsa nthochi pafupi ndi pamene ine ndinkagulitsa tomato. Chaka chilichonse zinali choncho, kupatula cha 1996.

Chaka chimenecho a Venansio anadwala. Chinayamba ndi chifuwa, kenako mashingozi, kenako kutsegula m'mimba kosatha. Kuchipatala anapita, mankhwala anamwa, ntchito inatha. Dzina la matendawo sitinkalitchula. Pampopi tinkangoti ndi zomwezi, ndipo aliyense ankamva, chifukwa panalibe mdadada umene sunatulutsepo maliro chaka chimenecho. Tinali titatopa ngakhale kudabwa.

Chimene chinawazunza kwambiri chinali kuzizidwa. Seputembala ali pakati, malata akuthetheka, ife tikugona pasimenti popanda chofunda, iwo ankanjenjemera mpaka mano kugundana. Chijasi cha ulonda anali atabweza kuntchito. Chinatsala ndi jekete la suti limene ankapita nalo kutchalitchi, ndipo linali litayamba kuwalendewera ngati lili pa hang'ala. Tsiku lina anavala jeketelo n'kukhala pakhonde, amayi awiri odutsa anayang'ana, n'kuyang'anana. Kuyambira tsiku limenelo sanatulukenso panja masana.

M'mawa wotsatira ndinapeza mai a Linda atakhala pamthunzi wa khoma, chitini chili chotsekula, ulusi wobiriwira uli pamiyendo. Amayi opita kumpopi sakanalekerera.

"Mai a Linda, mwamva pa wailesi kuti kugwa chisanu?" anafunsa mmodzi.

"Mwina apeza oda ya ku Mangalande," anatero wina.

Iwo anangomwetulira pang'ono, maso ali pa singano. Thukuta linkatsika m'khosi, ulusi ukumata m'zala, moti ankapukuta manja pachitenje akamaliza mzere uliwonse. Amayi aja atapita ndinafunsa kuti ndi ya ndani.

"Ya bambo a Linda," anatero. "Zaka zonsezi sindinawalukirepo. Ankati chijasi chikuwakwanira."

Munthu amene ankamaliza juzi ya munthu wamkulu pa sabata ziwiri, imeneyi inamukanika. Sikuti manja anali atafooka ayi. Nthawi ndi imene inalibe: kuchapa zofunda, kuphika phala limene silinkadyedwa, kutunga madzi pamene mpopi walola. Ankaluka mizere ingapo, kuitanidwa m'nyumba, kubwera, kuluka ina. Komabe chakumsana chinatha, chakutsogolo chinafika pakati. Ndinamva kudzera pamwamba pa khoma akunena mawu awo aja: "Tatembenukani." Atatuluka anakhala pansi, anasolola singano, n'kuyamba kukoka ulusi. Ntchito yonse ija inatha pa nthawi yongokwana kuwiritsa madzi a tiyi.

"Asisi, mukutani?" ndinafunsa.

"Yakula."

"Si munayeza?"

"Ndinayeza. Yakula."

Anachepetsa n'kuyambiranso. Ulusi wotsala anaukulunga kampira, n'kukaponya m'chitini.

Ulendo wachiwiri anafika patali. Chakumsana, chakutsogolo, ndi mkono umodzi. Mango anali atayamba kupsa, nyenje zikulira tsiku lonse mpaka m'makutu kuwawa. Ndinali nditayamba kuganiza kuti mwina Lamulungu likubwerali bambo aja avala. Kenako ndinamvanso "Tatembenukani," ndipo ndinadziwiratu. Atatuluka ndi juzi ija m'manja, ine mtima unandiwawa, ndipo ine mtima ukandiwawa pakamwa sipatsekeka.

"Asisi, munthu akuzizidwa lero, osati mwezi wamawa. Ikule, ichepe, ali nazo chiyani? Mungoilumikiza avale. Matama anuwa muwasungire makasitomala."

Sanakwiye. Ndikanakonda akanakwiya. Anandiyang'ana ngati munthu amene wangodzuka kutulo, n'kunena motsitsa mawu kuti m'nyumba asamve.

"Munawaona ndi jekete lija? Anthu sankayang'ana iwo. Ankayang'ana jekete, n'kumayeza kuti kwatsala bwanji. Ine ndikufuna akakhala pakhonde, munthu wodutsa angoti bambo aja avala juzi. Basi."

Anakoka ulusi, mizere ikusungunuka umodziumodzi. Kampira ka m'chitini kaja kanakula, kanafika ngati papaya laling'ono. Ndinkapewa kukayang'ana, chifukwa ndinkadziwa kuti ulusi umenewo unali wa malo amene pathupi pa a Venansio panalibenso.

Masiku amenewo sankalira, sankadandaula, ngakhale nyimbo za kwaya zimene ankaimba poluka anazisiya. Munthu ukawapatsa moni ankayankha, ukawapatsa chakudya ankadya. Linda ankabwera kuchokera ku Machinjiri, n'kukalira kuseri kwa bafa, amayi ake ali pakhoma pompaja singano zikungogundana. Anthu ena anayamba kunena kuti mayi ameneyu ndi wouma mtima, mwamuna ali gone iye ali pa bizinesi. Ndinawatukana awiri, ena ndinawasiya.

Chakumayambiriro kwa Novembala kunabwera a Ambrosi, mng'ono wawo wa a Venansio, kuchokera ku Nsanje. Analowa m'nyumba, anakhalitsa, ndipo atatuluka anakhala pampando n'kuvula chipewa.

"Alamu," anatero, "akuluakulu anandituma. Ati achimwene tiwatenge akapumeko kumudzi."

Tonse tinkadziwa tanthauzo la kukapuma kumudzi. Munthu wamoyo amakwera matola ngati wina aliyense, koma bokosi limafuna galimoto yakeyake. Palibe anatchula zimenezo. A Ambrosi anati agwirizana ndi mwini pikiapu wina amene amapita kumunsi Loweruka.

"Loweruka lake liti?" anafunsa mai a Linda.

"Lomweli, alamu."

Anayang'ana zimene zinali pamiyendo pawo. Chakumsana chinali chitatha, chakutsogolo chitatsala pang'ono, mikono isanayambidwe. Ananyamuka n'kulowa m'nyumba ndi zidutswazo, ndipo ndinamva mawu aja kachitatu. Koma ulendo uno panabwera yankho. Mawu a a Venansio anali atachepa kwambiri, komabe anadutsa pamwamba pa khoma.

"Mai a Linda, musandiyezenso. Ingomalizani."

Sanamasulenso. Ine ndinatenga zophika ndi zochapa, Linda anabwera kudzasamalira bambo ake, ndipo iwo anakhala pakhoma kuyambira kukacha mpaka maso atalephera kuona. Mthunzi ukasuntha ankasuntha nawo. Chala chawo cholozera chinatupa pamene nsonga ya sipoko inkagunda, anachikulunga kansanza n'kupitiriza. Kumwamba kunkachita mitambo masana alionse, kukugunda chakutali ku Thyolo, koma mvula osagwa, kutentha kokhakokha.

Loweruka m'mawa analumikiza mkono womaliza, anadula ulusi ndi mano, n'kulowa nayo. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka, a Venansio anatuluka atagwiriridwa ndi a Ambrosi. Ndinali ndisanawaone pa dzuwa kwa miyezi iwiri. Juzi inali yokongola, yobiriwira ngati masamba a mpiru, khosi lake lozungulira bwino. M'mapewa inali yotayako pang'ono. Ndinaona mai a Linda akutsina pamenepo ndi zala ziwiri, kukoka, kuyang'ana, kenako n'kusiya.

"Takhuta," anatero a Venansio, kuthokoza m'chinenero cha kwawo.

Pikiapu inachedwa, monga zimachitira. Anawakhazika pampando pakhonde, ndipo anakhala pamenepo mpaka dzuwa litakwera. Anthu ankadutsa akupukuta thukuta, n'kupereka moni. Bambo wina wokonza wailesi anaima n'kunena kuti, "Achimwene, mwatchena. Koma dzuwa lonseli?" A Venansio anaseka, kuseka kwenikweni ndithu, n'kuyankha kuti anthu a ku Nsanje kuno amazizidwa. Mai a Linda anali chiimire pakhomo, manja ali lende, alibe chogwira.

Galimoto itafika anayala matiresi kumbuyo pakati pa matumba, anawagoneka, akazi awo n'kukhala pambali atawatchingira dzuwa ndi ambulera. Chitini chija anandisiyira kuti ndiwasungire.

Uthenga unabwera mvula itangoyamba. Ine kumaliro sindinapite, kunali kutali. Mai a Linda anakhala kumudzi mpaka miyambo yonse itatha, n'kubwerera mu Januwale, atametedwa, atavala zakuda. Anasesa m'chipinda chawo, anatunga madzi, kenako anabwera kudzatenga chitini. Tinakhala pakhoma pathu paja. Ndinapepesa monga timapepesera, iwo anayankha monga timayankhira. Kenako ndinafunsa chimene chinkandivuta.

"Nanga juzi ija, kotentha kuja, ankavala?"

"Sanaivule," anatero. "Anthu ankabwera kudzaona munthu wovala juzi ku Nsanje mwezi wa Novembala."

"Munawaika nayo?"

"Ayi. Akuluakulu anati chovala chatsopano sichipita m'manda, chigawidwe pamodzi ndi zinazo."

Anandifotokozera mmene zinayendera, mawu ali phee ngati akunena za mitengo ya nthochi. Tsiku logawa zovala anaziunjika pamphasa, zitachapidwa. Jekete linapita kwa amalume awo, nsapato kwa msuweni. Juzi anapatsa a Ambrosi, poti ndiwo anavutika ndi ulendo. A Ambrosi anayesa kuvala, inakanira m'mapewa. Anapatsa wina, inakana. Inazungulira amuna onse a pabanjapo, osapezeka woikwana, mpaka mayi wina anaitana mwana wa a Ambrosi amene anali sitandade faifi.

"Ndiye?" ndinafunsa.

Anatsekula chitini, anatulutsa masipoko n'kuwapukuta dzimbiri pachitenje.

"Inamukwana," anatero. "M'mapewa momwe, inamukwana bwinobwino."