Mbasela ya Tamanda ku kiliniki

Mwaswela bwanji nonse. Tangobwela kumene kuchokela ku kiliniki ndi Tamanda, ndipo mpaka pano sindikumvetsa zimene ndaona.

Mukudziwa kuti mwanayu ali ndi zaka ziwili ndi theka koma mawu ake ndi "mama" basi. Ba Nesi anamuyesa makutu ndi kabelu, anatembenuka bwinobwino. Kenako anamupatsa timatabwa toseweletsa kuti atisanjike kamodzi pamwamba pa kanzake. Anangotiyang'ana. Ine nkhawa inandigwila.

Ndiye anayamba kutiika m'milu, titatu pansi, kamodzi pamwamba, ndendende mmene ambuye ake, ba Mayi, amasanjila tomato kumsika wa Soweto. Anapanga milu iwili yofanana, kanatsala kamodzi. Anakankhila mulu umodzi kwa ba Nesi, n'kuwaikila kotsalako m'manja ngati mbasela.

Ba Nesi anavula magalasi. Anati, "Amayi, mutu wa mwana uyu uli bwino. Za kulankhula tizionabe, mubwele naye mwezi wamawa."

Ine ndakhala ndikudandaula kuti kuswela kumsika ndi ambuye ake kukumuchedwetsa, moti malo ku sukulu ya nazale ku Libala ndinamupezela kale. Ba Malume, nonse, mukuti bwanji? Ndimuchotsedi kwa aphunzitsi amene amuphunzitsa zimenezi?