Tsiku Limene Ndinagwetsa Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene mayi ananditumiza ku Chipoka kukakhala kwa amalume, Che Bwanali, achimwene awo. Bambo anali atamwalira, ndipo kwathu ku Lifuwu ntchito ya mtsikana wa msinkhu wanga inali kuingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Aphunzitsi anali atawauza mayi kuti mutu wanga umagwira, usawonongeke. Amalume anavomera kunditenga kuti ndimalize sitandade 8 kwawoko ndi kulemba mayeso. Pondikweza matola, mayi anangoti, "Patuma, ukakhale bwino ndi amalume ako. Kwina kopita kulibe."

Amalume anali ndi maboti a injini, maukonde, ndi alovi, anyamata amene ankawaphera usipa panyanja. Analinso ndi chinthu chimene aliyense pa Chipoka ankachidziwa: makina a gemu ya nkhonya olumikiza ku tivi, amene dalaivala wina wa mathiraki anawabweretsera kuchokera ku Joni. Gemuyo inali imodzi, koma eni ake ankaitulutsa mwatsopano pakapita zaka, ndipo amalume anali ndi zimbale zake zitatu. Ankazisunga m'chitini cha mabisiketi, atazikulunga m'nsalu. Mbiri ya zimbalezo ndinaimva mpaka kutopa nayo, chifukwa mlendo aliyense ankayenera kuimva asanamwe tiyi.

Chimbale choyamba chinali chakalekale. Anthu ake anali ngati owaumba ndi njerwa, mitu yamakona, ndipo nkhonya zinali ziwiri zokha, yamanja ndi yamanzere. Wodina batani mofulumira ndiye wapambana, basi. Chachiwiri chinabwera ndi nkhope zooneka ngati za anthu, gulu la owonerera likukuwa, diso lotupa, ndi lamba wa katswiri, koma kamenyedwe kanali komwe kaja. Chachitatu ndi chimene chinasintha zonse. Pansi pa dzina la womenya anaikapo mizere iwiri, wina wa mphamvu, wina wa mpweya. Ukamangoponya nkhonya mopanda nzeru mpweya unkatha, manja a munthu wako n'kulemera ngati anyamula zidebe zamadzi. Unkayenera kutchinga, kulewa, kudikira mnzako aphonye, ndiye n'kubweza. Ngakhale kudzuka ukagwa kunasintha. Kale unkangopanikiza mabatani. Tsopano maso a munthu wako ankachita chizungulire, refa n'kumaoneka awiri, ndipo unkayenera kusuntha timitengo tiwiri ta pa padi, kaja kogwira m'manja, pang'onopang'ono mpaka refayo akhale mmodzi.

Masiku a mwera, nyanja ikakalipa moti maboti sangalowe, alovi ankadzaza pabalaza masana onse. M'nyumba munkamveka fungo la usipa, petulo ndi thukuta. Lamulo linali loti wopambana akhalabe pampando, wogonja apatse mnzake padi. Amalume sankadzuka pampandopo. Chiyambire chimbale choyamba anali asanagonjepo, asanagwepo ngakhale kamodzi, ndipo ankakonda kunena zimenezo.

Ine ndinkasewera Lachisanu masana, amuna onse akapita kumzikiti kukaswali. Akazi awo a amalume analibe nazo ntchito, bola mbale ndatsuka. Popeza ndinalibe mnzanga, ndinkamenyana ndi makina enieniwo. Aa, makina aja analibe chisoni. Ankandigwetsa, n'kundigwetsanso, mpaka zala zinkachita matuza. Koma anandiphunzitsa. Ndinadziwa kuti phewa la mdani likatsika, nkhonya yaikulu ikubwera. Ndinadziwa kusunga mpweya. Ndipo kudzuka ndinakudziwa kuposa china chilichonse, chifukwa ndinkagwa tsiku lililonse limene ndasewera.

Nditayamba kuidziwa gemuyo, ndinayambanso kudabwa ndi alovi. Amalume ankamenya chimbale chachitatu ngati choyamba chija, kupanikiza mabatani onse, lilime lili panja. Mpweya wawo unkatheratu, munthu wawo n'kumangodzandira. Pamenepo mlovi, m'malo momaliza, ankatsitsa manja kapena kuponya nkhonya m'malere. Mumtima ndinkati anyamata awa ndi zitsiru. Chitsiru ndinali ine.

Tsikulo kunali mwera, mayeso atayandikira. Kunabwera wamalonda wina wa ku Lilongwe amene ankagula usipa wouma kwa amalume, bambo wonenepa, wokonda kuseka. Amalume anagwetsa alovi onse mmodzimmodzi mlendoyo akuona. Ine ndinalowa ndi tiyi, n'kugwada.

"Che Bwanali, ndiye kuti pa Chipoka pano palibenso mwamuna?" anafunsa mlendoyo.

"Atha onse," anatero amalume. "Kwatsala Patuma yekha uyu. Iwe, siya tiyiyo, bwera ndikuonetse."

Nyumba yonse inaseka. Amene anali ndi padi anali Che Saidi, wamkulu wa alovi, bambo wa ana ake kale. Pondipatsa anawerama ngati akukonza chingwe, n'kunena chapansipansi: "Raundi yachiwiri ugwe, ndipo usadzuke. Sukulu yako ili m'nyumba muno."

Ndinamva. Sindinama kuti sindinamve. Pomwepo ndi pamene ndinazindikira zimene alovi ankachita masiku onse aja: ankagonja dala. Raundi yoyamba ndinangotchinga, kubwerera m'mbuyo, kulandira nkhonya zina dala. Ndinali nditatsimikiza kugwa. Koma kugwa koti anthu akhulupirire ndi luso, ndipo luso limenelo makina sanandiphunzitse. Amalume ankaphonya kwambiri moti panalibe nkhonya yoti ndigwe nayo.

Raundi yachiwiri anayamba kundinena kuti mlendo aseke. "Taonani akuthawira. A ku Lifuwu amangodziwa kukuwira mbalame. Bambo ake analinso chimodzimodzi, munthu woti mlamu wake azimudyetsera ana."

Bambo anga anali asanathe chaka m'manda. Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinangoona mzere wa mpweya wa amalume uli mbee, phewa la munthu wawo likutsika, ndipo zala zanga zinachita zimene zinazolowera. Ndinalewa, n'kubweza imodzi kunthiti, ina kuchibwano. Munthu wa amalume anagwa chagada.

Refa anayamba kuwerenga. Amalume anapanikiza mabatani ngati kale, padi ikulira m'manja mwawo, koma munthu wawo sanasunthe. Pa tivi refa anali awiri, akusambira uku ndi uku. Amalume sankadziwa kudzuka. Akanadziwira kuti, munthu woti sanagwepo? Ndinafuna kuwauza kuti gwirani timitengoto pang'onopang'ono, koma sindinayerekeze. Che Saidi anayang'ana pansi. Belu linalira.

M'nyumba monse wosangalala anali mlendo uja yekha. Iye anaseka mpaka misozi, akumenya ntchafu. "Che Bwanali, lamba mupatseni mwanayu. Nkhani iyi ndikafika nayo ku Lilongwe."

Amalume anaika padi patebulo bwinobwino, n'kukweza kapu. "Tiyi wazizira," anatero. Ndinatenga makapu n'kutuluka.

Sanandimenye. Akanandimenya bwenzi zitathera pomwepo, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanatero. Anangosiya kundiyankha moni. Kudoko ana anayamba kundiitana kuti katswiri, amayi oyanika usipa pamathandala n'kumaseka amalume akadutsa. Alovi anasiya kubwera pabalaza, chitini cha mabisiketi chinakwera pamwamba pa kabati. Sabata isanathe, akazi awo a amalume anandiuza kuti ndimange katundu. Chipinda changa chikufunika kusungiramo maukonde atsopano.

Nditafika ku Lifuwu ndinawapeza mayi akupeta mpunga pakhonde. Ndinawafotokozera zonse, osabisa kanthu. Anatsitsa lichero, n'kuliika pamiyendo.

"Ukanakhala kuti waba, ndikanapita kukapepesa," anatero. "Nanga ichi ndikapepese kuti chiyani?"

Anapitabe. Anavala chitenje chawo chabwino, anatenga nkhuku, anakagwada pamaso pa achimwene awo. Amalume anawalandira bwino, nkhuku analandira, ndipo anati iwo alibe chifukwa ndi mwana, zamasewera sasunga kukhosi. Kungoti nyumba yachepa. Mayi anabwerako madzulo mapazi atatupa, sanadye.

Dzina langa la mayeso linali ku Chipoka, ndipo kunalibe wina wondisunga kumeneko. Tsiku limene anzanga ankalemba, ine ndinali m'munda ndi chitini cha miyala, ndikukuwira mbalame monga ananenera amalume. Mayi ankati chaka chamawa. Chaka chamawacho anadwala, ine n'kukhala wosamalira ang'ono anga. Kusukulu sindinabwererenso.

Che Saidi ndinakumana nawo patapita zaka, pamsika wa ku Salima pamene ndimagulitsa mpunga. Anali atakalamba, maso atayera. Ndinawafunsa ngati iwo akanatha kuwagonjetsa amalume. Anaseka pang'ono. "Ndi dzanja limodzi," anatero. "Koma ana anga ankadya za m'boti lawo." Sanandidzudzule, ndipo inenso sindinawadzudzule.

Gemu ija ikutulukabe. Ndimaiona m'timashopu ta anyamata pafupi ndi depoti, anthu ake akutuluka thukuta lenileni, moti ungayese ndi nkhonya zoona. Sindiima. Anthu amati masewera amaphunzitsa kupirira, kugwa n'kudzukanso. Ine zimene ndinaphunzira ndi zina, ndipo n'zowawa. Pali anthu amene amakuthandiza ndi mtima wonse, chakudya, pogona, yunifomu, malinga ngati uli pansi pawo. Sakuuza kuti mtengo wake ndi umenewo, mwina iwonso sadziwa. Umadzadziwa tsiku limene waimirira. Amalume anamwalira anthu akuwatama kuti anaphunzitsa ana a abale awo, ndipo n'zoona, anaphunzitsa ambiri. Onsewo ankadziwa kugonja.

Sindinawakhululukire, ndipo sindinamizira. Koma chimene chimandiwawa koposa si iwo ayi. Mwana wanga wamkazi anasankhidwa kupita kusekondale ku Lilongwe, ndipo akukhala kwa alamu anga, chifukwa ine za kugonera kusukulu sindingazithe. Mtsikanayo ndi wakuthwa, pakamwa ndi m'mutu momwe, kuposa ana a m'nyumba imene akukhalayo. Tsiku lomuperekeza kudepoti ndinali nditakonza mawu abwino omuuza, oti alimbike, asaope munthu. Basi itayamba kulira ndinamugwira dzanja pawindo, ndipo zimene zinatuluka pakamwa panga ndi izi: "Ukakhoza kuposa ana awo, usakanene. Akakufunsa, uziti zinali zovuta."

Anandiyang'ana modabwa, kenako anagwedeza mutu kuvomera. Ndinkafuna akane.