Chekeni Wofiira Amene Ndinaluma

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinapambana mpikisano wojambula pasukulu yathu ku Mangochi boma. Ndinajambula chambo, ndipo mphoto yake inali kabokosi ka machekeni asanu ndi atatu. Kununkhira kwake inu! Pobwerera kunyumba ndinalephera kuugwira mtima, ndinaluma nsonga ya chekeni wofiira kuti ndimve ngati amakoma monga amaonekera. Sanakome n'pang'ono pomwe, koma milomo inangoti psuu.

Ababa anali telala, ankasokera pakhonde. Tsikulo ndinapeza Azakhali, mlongo wawo, atabwera kudzacheza. Atangoona pakamwa panga ndi kabokosi kaja, anagwira kumutu.

"Mayo ine, Asiyatu! Achimwene, simudziwa kuti tinthu timeneti amapangira mafuta a nkhumba? Mwanayu wadya haramu! Katayeni mu Shire zimenezi!"

Ababa anaimitsa makina, n'kutembenuza kabokosiko uku ndi uku. "Mwamva kwa yani, achemwali?"

"Aliyense akudziwa."

"Aliyenseyo ine sindimudziwa," anatero Ababa. "Koma amene anapanga zinthuzi walemba keyala yake apa. Tifunsa mwini wake. Asanayankhe, palibe wozigwira." Anatenga machekeni anga n'kukawabisa.

Ndinachukucha m'kamwa mpaka nkhama zinapweteka. Nkhani inafika kumadrasa, sukulu yathu ya Chisilamu, ine ndisanafike, ndipo anzanga anayamba kunditchula Adyankhumba. Pa mkeka ankasiya kampata pakati pa iwo ndi ine. Zinkandiwawa koopsa, ndipo Ababa ndinawakwiyira kuposa Azakhali. Munthu n'kulembera kalata kampani ya kutsidya kwa nyanja zamchere, ngati kuti ingayankhe telala wa pakhonde?

Kalatayo anatilembera m'Chingerezi aphunzitsi anga, mayi Nkhoma. Inapita m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ababa ankadzera ku positi ofesi Lachisanu lililonse pochokera kumzikiti, n'kubwerako chimanjamanja. Azakhali ankaseka: "Nanga azungu anu aja, akadasakabe cholembera?"

Mvula itagwa, chimanga chili m'maondo, envulopu yaikulu inafika. Ababa sanaitsegule okha. Anaitanitsa mayi Nkhoma kuti awerenge, anaitanitsanso Azakhali kuti amve ndi makutu awo.

Kalatayo inayamba ndi dzina langa. Inati m'machekeni awo mulibe kanthu kalikonse ka nkhumba, amasungunula phula ngati la makandulo n'kusakaniza ndi ufa wa utoto. Munalinso kabuku ka zithunzi kofotokoza mbiri yawo. Poyamba ankangopanga utoto wakuda wochokera ku mwaye. Kenako anamva kuti aphunzitsi akutsokomola ndi fumbi la choko, n'kupanga choko chosafumbuka. Aphunzitsi omwewo anadandaula kuti ana alibe chopakira mitundu chotchipa komanso chosawapweteka, ndiye machekeni anabadwa. Pambuyo pake panabwera utoto wamadzi, maburashi ndi dongo loumbira.

Mayi Nkhoma anafika pamzere wina n'kuphulika kuseka. "Akuti musade nkhawa, akudziwa kuti ana dziko lonse amaluma machekeni, n'chifukwa chake amasamala zimene amaikamo."

"Kodi si ine ndekha?" ndinafuula.

Azakhali anangokonza mpango kumutu. "Chabwinotu. Koma kudya chekeni ndi uchitsiru basi." Apo sindinawatsutse.

Mtima wanga unali pa machekeni aja. Ndinkadziwa kutentha kwa kwathu kuno, kandulo amapindika yekha pawindo, ndipo ndinali nditavomera kale kuti ndipeza phala lokhalokha. Ababa analowa m'nyumba, nagwada kuseri kwa mtsuko wa madzi akumwa, n'kufukula kachitini mumchenga wonyowa umene mtsukowo unkakhalapo. M'katimo, atakulungidwa ndi kansalu kotsala posoka, munali machekeni onse asanu ndi atatu, owongoka bwinobwino, wofiira uja ali ndi zipsera za mano anga.

Lero ndimaphunzitsa Sitandade 2 ku Katuli, ndipo ndikapeza machekeni a kampani ija sindisankhanso ena. Ndimailemekeza chifukwa inatenga funso la mwana wa telala ngati funso lenileni. Mphekesera ikalowa m'kalasi mwanga, ndimafunsa monga Ababa, kuti mwamva kwa yani. Koma china ndinachimvetsa mochedwa, Ababa atamwalira kale. Munthu wokhulupirira kuti chinthu n'cha nkhumba sangachiike pafupi ndi madzi amene amamwa. Miyezi yonse ija ndinkawanyanyalira Ababa, iwo n'kuti akunyowetsa mchenga m'mawa uliwonse kuti mphoto yanga isasungunuke.