Ndodo Ziwiri za Oom Okkie

Akuti Oom Okkie Lategan, amalume athu tonse m'tauni muno, akugulitsa Kamba. Nkhaniyi idayambira pakhomo la tchalitchi, idadzera kometetsa tsitsi, ndipo mmene inkandipeza ine inali itamera kale ndevu: ati wogulayo ndi bambo wina wa ku Kimberley, ndipo adabwera kale kudzagogoda matayala. Ine ndidakhulupirira theka lokha, theka linalo ndidasungira mawa. Mu De Aar muno ukayetsemula m'mawa, pofika masana anthu amakhala atakusankhira kale nyimbo za pamaliro.

Kamba ndi galimoto yogonamo ija imaima pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba yake, ya mabedi asanu, kasinki ndi kachitofu ka gasi. Dzinalo adaipatsa ndi mwana wake Elzabé ali wamng'ono, poti imayenda mwaulesi nyumba ili kumsana. Zaka makumi atatu, Disembala aliyense, Kamba ankanyamula banja lonse kuchoka m'fumbi lathu lino kupita kunyanja ku Hartenbos. Koma mayi a m'nyumba, Tannie Lenie, adatisiya. Elzabé naye adapita ku New Zealand ndi mwamuna wake Tiaan ndi ana awiri, Mieke ndi Ruan, ndipo zatha zaka zisanu ndi chimodzi. Nanga nkhalamba imodzi ichita nawo chiyani mabedi asanu? Izigona mosinthasintha?

Mphekeserayo inali ndi fupa lake. Elzabé adalonjeza kawiri kuti abwera pa Khirisimasi, ndipo kawiri konseko zidakanika. Chaka chino adalonjezanso. Okkie adadziuza mumtima kuti akapandanso kubwera, Kamba apite basi. Adatopa kumwa khofi m'mawa uliwonse akuyang'anizana ndi chinthu chodikira anthu ngati iye mwini.

Munthuyu adagwira ntchito ku njanji zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, kukonza mitu ya sitima. Sukulu adaisiyira panjira ngati ine, koma tepi yoyezera amaidziwa kuposa Baibulo. Amati chinthu chosayeza ndi bodza. Soseji amaiyeza asanaiike pamoto. Akuti tsiku la ukwati wake adayeza kanjira ka m'tchalitchi kuti adziwe kutalika kwake ngati patafunika kuthawa. Izo ndidangomva, sindidaone.

Kuseri kwa chitseko cha Kamba kuli mizere ya pensulo. Adayambitsa ndi Lenie. M'mawa wonyamuka ulendo, mwana aliyense ankavula nsapato, n'kuima chilili, buku pamutu, kenako mzere, dzina ndi chaka. Mizere ya Elzabé imakwera kuchokera pa bondo mpaka pa phewa la munthu. Ya adzukulu idathera m'munsi, Mieke ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, Ruan zisanu. Pamwamba pake ndi penti yokhayokha.

Ndiye tsiku lina Okkie adakhala pa sitepe ya Kamba ndi tepi yake. Adayeza mizere ya Elzabé napeza kuti ankakula zala ziwiri pachaka. Mwana wa mbuzi ndi mbuzi. Pa mzere womaliza wa mdzukulu aliyense adawonjezerapo zala khumi ndi ziwiri, nadula ndodo ziwiri pa muyezo womwewo. Imodzi adalembapo M, inayo R. Adazipanira m'khwapa, ulendo ku sitolo ya Grieta Nolte, mayi wogulitsa njinga, matenti ndi gasi, yemwe pakamwa pake sipatsekedwa ngakhale Lamulungu.

"Oom Okkie! Mwabwera kudzatsanzika? Ndamva Kamba akupita ku Kimberley."

"Amene wakuuzayo akuuzenso tsiku la maliro anga, ndisadzachedwe. Ndikufuna njinga ziwiri."

"Za ndani?"

Okkie adaimika ndodo zija pa kauntala. "Uyu ndi Mieke, uyu Ruan. Apatse moni."

Grieta adaziyang'ana kuchokera pansi mpaka pamwamba. "Oom, awa ndi adzukulu kapena mipini ya tsache? Bwanji osangoimba foni n'kufunsa mayi awo? Ana a masiku ano amakula ngati akudya feteleza."

"Ndikufuna adzadzidzimuke."

Sidali yonse nkhaniyo. Okkie foni ankaiopa. Lamulungu lililonse ankaona nkhope zawo pa kagalasi kaja, nkhope zokhazokha zopanda miyendo, ndipo akangotchula Disembala, Elzabé ankati, "Tiyesetsa, Pa." Ankaopa kuti akafunsa za msinkhu wa ana, kutsidyako kukhala zii pang'ono, kenako amva mawu aja adawamva kale kawiri.

Adatha m'mawa wonse akusankha. Ankaimika ndodo pambali pa njinga iliyonse, kupima chishalo, kufinya mabuleki, kukoka tcheni. Ina adaikana atamva kuti ili ndi magiya makumi awiri ndi limodzi.

"Mutu wa sitima ulibe magiya otero, koma umafika ku Cape Town. Mwanayu akupita kumwezi?"

Ndodo ya R idapeza kanjinga kofiira. Ya M idapeza yobiriwira, ya dengu kutsogolo ndi timaliboni pa zogwirira, chifukwa Mieke yemwe Okkie ankamudziwa ankatola zigoba za nkhono mpaka matumba kung'ambika. Adasankha machubu ochindikala oti minga isaboole, pampu, zipewa ziwiri zolimba zonga zigoba za mavwende, matochi, ndi matumba awiri ogonamo, limodzi la zithunzi za njovu.

"Mipando yopinda muli nayo?" adafunsa Grieta.

"Idadyedwa ndi dzuwa. Ndipatse isanu ndi umodzi."

Grieta adatsitsa mipando pa shelefu umodziumodzi, ndipo atafika pa wachisanu adaima, dzanja lili m'mwamba. Okkie adawerenga ndi milomo. Wachisanu ndi chimodzi ukadakhala wa Lenie.

"Isanu," adatero, n'kuyamba kusewera ndi belu la njinga.

Masabata otsatirawo Okkie adawotcherera chitsulo chomangirapo njinga kumbuyo kwa Kamba, adasintha matayala awiri, adatsuka denga. Anthu odutsa mumsewu ankagwedezerana mitu: mwaona, akumukongoletsa kuti wa ku Kimberley asanyinyirike. Ndodo zija sadazitaye. Zinkatsamira pa khoma la Kamba, ndipo mayi woyandikana naye amalumbira kuti masana ena adamumva akuzichenjeza kuti zisamalowe m'madzi kupitirira m'chiuno.

Elzabé ndi banja lake adafika pa 16 Disembala, dzuwa lili paliwombo, pa galimoto yobwereka. Okkie anali ataimika njinga zija pa kapinga, chipewa chilichonse pa chishalo chake, matumba ogonamo pambali. Woyamba kutuluka anali Elzabé, imvi zitayamba, kuyenda kwake kwa mayi ake kwenikweni. Kenako Tiaan adadzipinda potuluka, ndipo adapitiriza kutuluka, osatha, wamtali ngati mtengo wa magetsi. Apa m'pamene Okkie adakumbukira kuti pa masamu ake aja bambo wa anawo sadamuwerengere.

Chitseko chakumbuyo chitatseguka, padatuluka namwali womuposa iye msinkhu, ndi mnyamata wa mapazi ngati mabwato.

"Moni, Oupa," adatero namwaliyo kwa agogo ake, lilime litapindika pang'ono ndi chilankhulo cha kutsidya. Adawerama kuti amukumbatire. Adawerama!

Ruan adaloza kanjinga kofiira. "Oupa, izi ndi za ndani?"

"Za ana ena," adatero Okkie. "Amakhala kuno kale."

Elzabé adagwira pakamwa. Adayamba ndi kuseka, koma kusekako kudathera pa phewa la bambo ake. Okkie adangoima, maso pa thumba la njovu lija. Zaka zonsezi ankadikira kamtsikana kotola zigoba ndi kamnyamata koti akaphunzitse kupalasa, atagwira chishalo kumbuyo. Amenewo sadatsike m'galimoto, ndipo palibe ndege yoti idzawabweretse. Ruan adaphunzira kupalasa kalekale, wina ndiye adamugwirira chishalo.

Mieke adawayang'ana agogo akewo, kenako adakwera yobiriwira ija. Mawondo ankagunda zogwirira, timaliboni tikuuluka, nazungulira mtengo kawiri asadagwere mu maluwa a malemu agogo ake aakazi.

"Mabuleki ali bwino, Oupa!" adakuwa ali chigonere.

"Ndidayeza ndekha," adatero Okkie, akupukuta mphuno.

Masana omwewo onse asanu adalowa mwa Grieta akukankha tinjinga tija. Grieta adakweza maso mpaka kudenga kuti aone nkhope ya Mieke.

"Oom, ndodo zanu mwazithirira madzi?"

"Tseka pakamwa, mwana iwe, utipatse zazikulu. Ya magiya ambirimbiri ija ikadalipo?"

Thumba la njovu lokha Ruan adakana kubweza. Adati miyendo izidzatulukira kunja, kunyanja sikuzizira.

Adanyamuka m'mawa mwake, njinga ziwiri zikulendewera kumbuyo, Kamba akutsokomola utsi msewu wonse wa kutchalitchi. Ndidaima pa geti langa n'kukweza chipewa, koma Okkie sadandione, anali kalikiliki kulozera adzukulu ake komwe kunali shedi ya sitima.

Kamba sadagulitsidwe. Bambo wa ku Kimberley uja kulibe, ndipo sadakhaleko n'komwe.