Hita ya a Lajabu

Aliyense woyenda pakati pa Thyolo boma ndi Masambanjati amawadziwa a Lajabu. Ndi aja a Sienta yotuwa ndi kachipewa koyera, amene Lachisanu masana amaimika galimoto pamzikiti ngakhale pasiteji anthu atadzaza. Anayambira pa thirakitala yonyamula tiyi kuesiteti, kenako lole ya nthochi, ndipo mpaka lero salola munthu kumenyetsa chitseko. Ukatero amakuyang'ana ngati wawaponda chala.

Koma galimoto yawoyo inali ndi khalidwe limodzi loipa. Hita yake inkagwira ntchito ikafuna. Pena mpweya wofunda bwinobwino, pena mphepo yozizira ngati watsegula firiji. Okwera ankawaseka. "Madala, hita yanuyi yayambanso sitalaka!" Iwo ankangoyankha kuti valani majuzi.

Nthabwala zinatha mu Juni, mwana wawo Fadila atabereka masiku asanakwane. Kakhandako kanali kochepetsetsa, abale inu, kokwana m'manja. Anamwino sanabise mawu: tsiku lotuluka m'chipatala mwanayu asazizidwe ngakhale pang'ono, akazizidwa mwamutaya. Kunjaku chiperoni chinali chitagwira, nkhungu itaphimba minda ya tiyi, kamvula kakuwaza osaleka. A Lajabu anachita mantha kwabasi.

Anawonjezera madzi mu rediyeta, palibe chinasintha. Anachotsa mpweya m'mapaipi, chimodzimodzi. Ndiye ananyamuka okha, wailesi atazimitsa, dzanja limodzi lili pakabowo ka hita. Pokwera chitunda, injini ikulimbana, mpweya unkatentha. Akangoyamba kutsetsereka, muvi wa geji yoonetsa kutentha kwa injini unkagwera pansi, mphepo n'kuzizira. Ha! Vuto silinali hita ayi, injini yeniyeniyo ndiyo inkazizira mopitirira.

Anakhotera kugalaja ya a Dixon, makaniko amene anaiunika galimotoyo itangogulidwa.

"Achimwene, kachitsulo kaja kotseka madzi injini ikazizira, themositati, kalimo muno?"

A Dixon anaseka. "Kaja? Timazula m'galimoto zonse. N'ka eni ake ku Japan, kogwa chisanu. Kuno n'kotentha, kamangowiritsa injini."

"Kotentha kuti? Inuyo mwavala jekete pamwamba pa juzi!"

Ndi mmene timachitira kuno. Galimoto ikangofika, kachitsuloko kamaponyedwa m'chitini, ngati tonse timakhala ku Nsanje. A Dixon anadziyang'ana, kenako n'kutulutsa chitinicho pansi pa benchi. Munali tambiri, tina tadzimbiri, tina tonyezimira. Anthu akuluakulu awiri ananjuta pambaula n'kumaponya tizitsulo m'madzi owira, kuti aone kamene katseguke. Kamodzi kanayasama bwinobwino, katachotsedwa pamoto n'kudzitsekanso. Anakamanga komweko, a Lajabu ataima pompo mpaka bawuti yomaliza.

Tsiku lotulutsa mwana, okwera onse anawakana. Anafika kuchipatala injini itatentha kale, mawindo otseka, mipando atayalapo bulangete lawo lomwe. Fadila anakhala kumbuyo, khanda atalimangirira pachifuwa ndi chitenje, mayi ake a Zulaika ali pambali. A Lajabu anati Bisimila, n'kunyamuka pang'onopang'ono. Njinga zamoto zinkawapitirira, iwo alibe nazo ntchito.

Atafika pamtsetse wautali uja, pamene hita inkawachititsa manyazi masiku onse, anakhala tcheru. Diso lina pamsewu, lina pa geji. Muvi unaima pakati, nji, osagwedezeka. Mpweya unkangotuluka wofunda mpaka kumunsi.

"Ababa, tikupsa kuno," anatero Fadila. "Tsegulaniko windo pang'ono."

"Ipsani," anayankha a Lajabu.

Pomwepo kamdzukulu kanatulutsa kulira m'chitenjemo, kulira kwamphamvu, kwaukali. Kanali koyamba agogo ake kumva mawu ake. Misozi inatsikira m'ndevu, koma sanapukute. Manja onse awiri anali pachiwongolero.